Asisi Anandituma Kukaona Bolonya

Mkulu wanga anapita ku Italiya mwana wawo wachiwiri atangosiya kuyamwa. Anachoka m'nyumba yathu ya ku Kanyama, mu Lusaka, ndi chikwama chobwereka, n'kutisiyira ana awiri, mtsikana ndi mnyamata. Bambo wa anawo anali atamwalira kale. Ntchito anaipeza kudzera mwa masisitere a kutchalitchi kwathu, ndipo inali yosamalira mayi wina wokalamba mumzinda wa Bolonya: kumusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi. Ine ndinatsala ndi makina anga osokera pakhonde, amama ndi tebulo lawo la tomato ndi tinsomba ta kapenta m'mbali mwa msewu. Anawo tinkalerera limodzi.

Lamlungu lililonse masana asisi ankatitumizira mawu ojambula pa foni. Tikabwera kutchalitchi tinkakhala pakhomo, foni ili pa mpando pakati pathu, n'kumamvetsera. Za ntchito yawo sankanena. Ankalankhula ngati munthu amene akukonzekeretsa mlendo amene afike mawa, ndipo mlendoyo ndinali ine.

"Ukabwera kuno usakadye pafupi na bwalo lalikulu," ankatero. "Paja ni pa alendo, vakudya vake sivikoma. Uzilowa mu tinjira ta kumbuyo, uone pamene eni mzinda akudyera. Ukaona pakhomo aika vithunzi va vakudya, pitirira."

Tsiku lina ankanena za khofi. Ankati umamwa utaimirira pa kauntala, chifukwa ukangokhala pampando mtengo umasintha, ndipo khofi wa mkaka ndi wa m'mawa basi. Tsiku lina ankanena kuti malo odyera amatseka chakudya cha masana chikatha, satsegulanso mpaka madzulo, ndiye munthu wochedwa amangoyenda ndi njala. Ankati ukakwera basi uzilowetsa tikiti m'kamakina kuti kadinde. Ukalowa m'tchalitchi uzifunda mapewa. Madzi a m'mipopi ya m'misewu ndi abwino kumwa. Supageti sadula ndi mpeni.

Chimene chinkatisangalatsa kwambiri chinali nkhani ya makhonde. Asisi ankati nyumba za mumzindawo zili ndi makhonde aatali olumikizana, moti munthu amatha kuyenda kuchoka mbali ina ya mzinda kukafika mbali ina mvula ikugwa, osanyowa. Ife tinkamva zimenezi madzi atadzaza pabwalo pathu, tikuponda pa njerwa ndi pa matumba a mchenga kuti tikafike kuchimbudzi. Amama ankapukusa mutu.

"Mudzi umene mvula sikhudza munthu," ankatero. "Mwana uyu wayamba kunama."

Zaka zinapita. Asisi anabwera kudzationa kangapo chabe, ndipo ulendo uliwonse ankapeza ana atakula kuposa zovala zimene anawabweretsera. Nyumba tinaikweza maziko, denga tinasintha, mtsikana anafika kusekondale. Zonsezi zinachokera m'manja mwawo. Ine ulendo wanga wa ku Bolonya unali nkhani yoseketsa chabe ya pabanja. Sindinkaganiza kuti ndingadzakwere ndege.

Kenako mawu a pa foni anayamba kufupika. Asisi ankapumira m'mwamba pakati pa chiganizo. Tikafunsa ankati ndi chimfine, kumeneko kwazizira. Lamlungu lina mawu sanabwere, ndipo lotsatira lake sanabwerenso. Amene anaimba anali mwana wa mayi wokalamba uja, bambo wachikulire wolankhula Chingelezi chodukaduka. Anandiuza kuti mayi ake anamwalira miyezi ingapo yapitayo, ndipo mkulu wanga ali m'chipatala ndi khansa imene yafalikira thupi lonse. Anati madokotala akuti wachibale abwere, asachedwe. Iye adzalipira ndege.

Amama sakanatha kupita chifukwa cha miyendo. Ansembe a parishi yathu anandithandiza pa mapepala, ndipo m'mwezi wa Febuluwale ndinanyamuka. Mvula inali itagwa sabata yonse. Ndinatuluka m'Kanyama nsapato zili m'manja, chikwama chili pamutu, madzi akufika m'mawondo mpaka pamene minibasi zinkathera. M'chikwamamo amama anaikamo nsawa zokazinga ndi mfutso wa chibwabwa, masamba a maungu.

"Ukamuphikire," anatero. "Akadya za kwawo adzapeza mphamvu."

Ku Bolonya ndinapeza chifunga ndi kuzizira kolowa m'mano. Bambo uja anandichingamira n'kupita nane molunjika kuchipatala. M'chipindamo munali mabedi awiri, ndipo ndinayamba kuyang'ana bedi lolakwika, chifukwa munthu amene anagona pafupi ndi zenera sindinamuzindikire. Asisi anali munthu wathupi, wamasaya. Amene ndinamuona anali wamng'ono ngati mwana wa sukulu, mutu wopanda tsitsi, milomo yosweka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wafika," anatero. "Tikiti ya basi unadinditsa?"

Ndinawauza kuti ndabwera pa galimoto. Kenako ndinakhala pansi n'kulira, iwo akundisisita dzanja.

Nsawa ndi mfutso anangozinunkhiza. Sankathanso kumeza chilichonse kupatula madzi a pa supuni. Ine ndinkagona m'chipinda chawo, kakang'ono, kuseri kwa khitchini m'nyumba ya malemu mayi aja. Kuchipatala ankalola odzaona odwala masana ndi madzulo basi. Tsiku loyamba ndinakhala pa benchi ya panja nthawi yonse ya pakatiyo. Asisi atamva anakwiya.

"Wabwera kutali konseku kudzakhala pa benchi? Mabenchi ku Lusaka kulibe?"

"Sindinabwere kudzaona malo, asisi. Ndabwera kwa inu."

"Ine uzandiona nthawi ikakwana. Mawa upite kubwalo lalikulu. Ukaone tchalitchi, ukaone na chifanizo cha pa kasupe, ubwere undiuze."

Ndinapita chifukwa ndinalibe mphamvu yokangana nawo. Makhonde aja analipodi. Ndinayenda pansi pake mvula yowaza ikugwa, ndipo sindinanyowe. Pansi panali miyala yosalala, yoterera chifukwa cha mapazi a anthu a mibadwo yambiri. Ndinafika pa bwalo lalikulu, lozunguliridwa ndi nyumba zofiirira. Pakona panali kasupe, pamwamba pake chifanizo cha mwamuna wamaliseche atagwira mkondo wa mano atatu, ndipo ana a sukulu ankadya buledi atakhala pa masitepe ake, osachiyang'ana n'komwe. Tchalitchi chinali chachikulu kuposa nyumba iliyonse imene ndinaionapo. Koma kutsogolo kwake kunali kosatha: m'munsi anakuta ndi miyala yoyera ndi yofiirira, m'mwamba njerwa zili poyera. Ndinafunda mpango n'kulowa. Munali kozizira kuposa panja. Ndinayesa kupemphera, koma ndinangokhala.

Madzulo ndinawauza asisi kuti tchalitchi chawo chikufanana ndi nyumba za ku Kanyama zimene eni ake anamata pulasitala theka n'kulekeza. Anaseka mpaka kutsokomola, namwino anachita kubwera.

"N'chifukwa chake ninachikonda," anatero atapuma.

Zinakhala choncho masiku otsatira. Masana ankandipatsa ntchito, madzulo ndinkapereka lipoti. Ndinaona nsanja ziwiri zazitali za njerwa, ina itapendekeka ngati igwa lero. Ndinasuzumira pa kazenera ka m'khoma, kuseri kwake kuli ngalande yoyenda pakati pa nyumba. Ndinamwa khofi nditaimirira, wowawa, wothera pa kamwa limodzi. Ndinayenda m'tinjira ta msika mmene miyendo ya nkhumba youma imalendewera padenga, tchizi zazikulu ngati matayala zitaunjikidwa pa mazenera. Zonsezi ndinkaziona ndili ndi foni m'manja, kuopa kuti ilira.

Tsiku lina anandituma pa malo ena pafupi ndi bwalo, pansi pa nyumba yakale, pamene njira ziwiri zimapingasana ndipo denga lake ndi lokhota. Anati munthu akaima pakona imodzi atayang'ana khoma, wina pakona ya kutsidya, amamvana ngakhale akunong'ona. Ndinapapeza. Panali mnyamata ndi mtsikana akuyesa, akuseka. Atachoka ndinakaima pakonapo, mphuno pafupi ndi njerwa. Kutsidyako kunalibe munthu. Ndinaima kanthawi, kenako ndinachoka, chifukwa panafika banja lina lofuna kuyesa.

Za chakudya ndinkazemba. Ndinkadya buledi ndi tiyi m'khitchini ya malemu. Asisi anazindikira.

"Mawa ukadye totelini," anatero. "Mu msuzi, osati youma. Upite masana asanatseke. Ukhale pa tebulo, usathamange."

Ndinasankha kanyumba ka m'kanjira ka kumbuyo, kopanda zithunzi pakhomo. Woperekera zakudya anandiyang'ana, anayang'ana jekete langa la salaula, lovalidwapo kale, n'kundikhazika pa tebulo la pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anthu anatembenuka pang'ono, kenako anapitiriza kudya. Ndinatchula dzina la chakudyacho mmene asisi anandiphunzitsira. Anabweretsa mbale ya msuzi woyera wa nyama, muli timitanda ta ufa topindidwa ngati timphete, tating'ono ngati nsonga ya chala, mkati mwake muli nyama yogaya. Ndinalawa. Chinali chokoma kwambiri, ndipo zimenezi zinandipweteka. Ndinkafuna chikanakhala choipa. Ndinadya chonse, mpaka kupukuta mbale ndi buledi, misozi ikugwera pa nsalu yoyera ya patebulo. Woperekera uja anaika kapu ya madzi pafupi nane.

Madzulo asisi anamvetsera maso ali chitsinzire.

"Msuzi unali bwanji?"

"Wopepuka. Koma ukameza umamva nyama yonse."

"Mchere?"

"Wokwanira. Inu simukudziwa kodi? Si inu munandituma?"

Anatembenuzira nkhope kuzenera. Kenako anati, "Sininalawepo."

Ndinaganiza kuti mankhwala awasokoneza. Koma anafotokoza bwinobwino, mawu akutuluka pang'onopang'ono. M'malo odyera ankalowamo ndithu, masiku a chikondwerero, banja lija likatenga mayi awo kukadya. Ntchito yawo inali kukankha njinga ya wodwalayo, kumudulira chakudya, kumupukuta pakamwa. A m'banjamo ankawafunsa ngati akufuna kanthu, iwo n'kukana, chifukwa sungadye dzanja lina likudyetsa munthu amene amatsamwa. Ankadya akabwerera kunyumba. Tchalitchi, nsanja ndi kasupe ankaziona akukankha njingayo. Lamlungu masana, nthawi yokhayo imene ankapuma, ankakhala pa benchi m'paki ndi azimayi ena ogwira ntchito ngati yawo, ochokera m'mayiko osiyanasiyana, aliyense akulankhula ndi foni yake.

"Nanga zonse munkatiuza zija?"

"Ni zoona zonse. Ninali kuona, ninali kumva. Wapeza bodza pati?"

"Palibe. Koma bwanji simunapite nokha tsiku limodzi, kukangokhala pansi n'kudya?"

"Nekha, pa nsalu yoyera?" Anatsegula maso. "Ninali kuyembekeza iwe."

Ndinawanyowetsa milomo ndi thonje mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yatha.

Ntchito yomaliza imene anandipatsa inali ya tchalitchi cha pamwamba pa phiri, kunja kwa mzinda. Khonde lake limayambira m'munsi n'kukwera phiri lonse osaduka. Anati ukafika pamwamba umaona mzinda wonse, madenga ofiira mpaka kumene maso athera. Iwo sanafikeko, chifukwa njinga ya wodwala singakwere masitepe. Ndinapita m'mawa. Ndinakwera mpaka miyendo kuwawa, anthu othamanga akundipitirira, okalamba akupumira pa zipilala. Nditafika pamwamba ndinapeza chifunga. Sindinaone denga ngakhale limodzi. Mitengo ya pafupi yokha ndi imene inkaoneka, yakuda, yopanda masamba.

Masana amenewo ndinapeza asisi asiya kulankhula. Ndinaganiza zowauza za madenga ofiira, koma ndinawauza zimene ndinaona, kuti kunali chifunga chokhachokha ndipo miyendo ikundiwawa. Chala chawo chinagwedezeka m'dzanja langa. Anamwino sananditulutsenso. Asisi anamwalira tsiku lotsatira, dzuwa likupendeka, ndili pomwepo.

Chovuta chinabwera pambuyo pake. Bambo uja ndi wansembe wa pachipatala anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti kutumiza mtembo ku Zambia ndi chinthu chachikulu, choposa mphamvu zathu tonse, ndipo masiku anga ololedwa kukhala m'dzikomo anali kutha. Panali njira ziwiri: kuwaika m'manda komweko, kapena kuwotcha thupi kuti ndinyamule phulusa. Wansembeyo anati asisi anamuuza yekha kuti akufuna kubwerera kwawo, m'njira iliyonse.

Ndinaimba kunyumba. Anthu anali atasonkhana kale pamaliro. Amalume, amene anabwera kuchokera ku Katete, anatenga foni.

"Ife sitiwotcha munthu," anatero. "Si chinyalala. Kwathu zimenezo sizinachitikepo."

"Ndiye ndiwasiye kuno, amalume?"

Ndinamva foni ikudutsa m'manja mwa anthu, kenako mawu a amama. Ndinawafotokozera zonse kawiri, pang'onopang'ono. Sindikudziwa ngati anamva zonse.

"Ubwere naye," anatero. "Usandisiyire mwana wanga kutali."

Ndinavomera kuti awotche. Anandipatsa kachitini kotsekedwa bwino, kachitsulo kotuwa, kosakula kuposa botolo la tiyi. Ndinakakulunga m'chitenje n'kukaika m'chikwama cha m'manja. M'ndege monse kanali pamiyendo panga. Atabweretsa chakudya ndinakana, chifukwa panalibe poika mbale.

Ku Kanyama madzi anali ataphwerako, patsala matope. Pakhomo pathu anamanga tenti, azibambo atakhala pa mabenchi mapazi ali pa njerwa. Galimoto itangoima, azimayi anatuluka m'nyumba akulira, n'kuthamangira kumbuyo kwake kumene bokosi limakhala. Kunalibe bokosi. Ndinatsika ndi chikwama changa. Kulira kuja kunaduka pakati.

Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pamaso pa amama pa mphasa, n'kumasula chitenje. Anatenga kachitinko ndi manja awiri. Anakakweza pang'ono, n'kukatsitsa.

"Ndi uyu?"

"Ndi iwowo, amama."

"Tsiku limene ndinamubereka anali wolemera kuposa apa."

Anakaika pachifuwa n'kuyamba kulira, ndipo nyumba yonse inawatsatira.

Achibale ena anabwerera kumudzi maliro asanaikidwe. Anati palibe thupi loti asambitse, palibe nkhope yoti aone, ndiye akudikira chiyani. Amalume anatsala, koma sanandilankhule. Amama anakana kuti mwana wawo aikidwe ngati khanda. Anaitana mmisiri wa matabwa wa pafupi ndi msika kuti apange bokosi lalikulu la munthu wamkulu. Ine ndi amene ndinayala mkati mwake. Ndinaika kachitini pakati, n'kukazinga ndi madiresi akale a asisi kuti kasagubuduke. Amuna amene ananyamula bokosilo analikweza ndi mphamvu imene anazolowera, ndipo linadumpha m'manja mwawo. Anayang'anizana, kenako anayamba kuyenda pang'onopang'ono, ngati ndi lolemera. Ku manda a ku Chingwere tinapeza dzenje litalowa madzi. Tinaima tikuimba pamene anyamata ankakapa madziwo ndi ndowa.

Maliro atatha, aneba ankabwera pa makina anga ndi nsalu zawo, ndipo aliyense ankafunsa kuti ku Italiya kuli bwanji. Ndinkati kumazizira. Ena ankafuna kudziwa ngati ntchito ya asisi ili ndi munthu kale.

Amene anandifunsa funso lenileni anali mwana wamkazi wa asisi. Anali ataona zithunzi m'foni yanga: kasupe, nsanja, mbale ya msuzi. Ndinazijambula kuti ndizikaonetsa amayi ake madzulo. Anandipeza ndikusoka n'kuima patsogolo pa makina.

"Anti, amami anali kufa, inu munali kuyenda mu tauni?"

"Ananditumiza okha."

"Mukanakana."

"Ndinayesa."

"Ine sinikanachoka pabedi pawo," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Anakhala miyezi akundiyankha ndi mawu amodzi amodzi. Masiku ano timalankhulana, ndipo amabwera ndi mwana wake kuti ndimusokere, koma nkhani ya Bolonya sitiikhudza. Amalume sanapondenso pakhomo pathu. Ndinamva kuti kumudzi amauza anthu kuti ine ndinawotcha mkulu wanga, ndipo sindingawatsutse.

M'mwezi wa Juni, mphepo itayamba kuwomba fumbi m'misewu, kunafika katoni kuchokera kwa bambo uja. Munali zinthu za asisi zimene sindinathe kunyamula: nsapato zazitali za m'chisanu, kampoto kophikira khofi, korona, ndi chikhoti chakuda chachitali, cholemera, cha ubweya mkati. Zinazo tinagawana. Chikhoticho ndinafuna kuchidula kuti ndisokere mnyamata jekete la kusukulu, koma amama anachilanda ndisanatenge sizasi.

Anayamba kuchivala m'mawa uliwonse popita pa tebulo lawo. Chinkawafika m'mapazi, manja ake anachita kupinda kawiri kuti azitha kuunjika tomato. Azimayi ogulitsa nawo anaseka tsiku loyamba, atauzidwa mwini wake anasiya. Kuzizira kunatha, kunayamba kutentha, koma amama anapitiriza kuchivala. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo. Ndinawapempha kuti andipatse ndichape, ndichisunge mpaka chaka chamawa. Anati m'kolala mukumvekabe fungo la mwana wawo, ndidikire lithe kaye. Ndinachichapa mvula itayambanso.